HERNIA: MUSATHAMANGIRE KAMERA, MUSAOPE KAUKONDE

Alamu anga agulitsa tomato ndi kapenta pa msika kwa zaka zambiri. Ana ao awiri omaliza anabadwa pa opaleshoni, ndipo patapita caka, pa cipsera ca pamimba panaturuka cotupa. Akagona cinali kubwerera m'kati, akanyamula dengu cinali kuturuka. Ku cipatala anawauza kuti ndi hernia, ndiye kuti mnofu wogwira mimba unatseguka pamene anasokapo, ndipo matumbo anali kusuzumira pa bowolo. Anati pafunika opaleshoni ina.

Apa ndi pamene mkangano unabuka m'nyumba. Mwana wao wa ku Lusaka anati ayembekeze, asonkhe ndalama za "opaleshoni ya kamera" ku cipatala colipira. Agogo anati asayerekeze kulola kuikidwa pulasitiki m'mimba, cifukwa anamva kuti imaola. Eni ake anangomanga citenje zolimba nabwerera ku msika. Miyezi 8 inapita, bowo lirikukula.

Ine ndikuti onse awiri analakwa, ndipo kulakwa kotereku kuli m'nyumba zambiri za m'makomboni mwathu. Wina athamangira cinthu ca mtengo wapatali cimene safunikira, wina athawa cinthu cimene cikanamthandiza.

Njira zokonzera hernia ziripo zitatu. Yoyamba ndi kusoka cabe: dokotala ang'amba khungu, abweza zoturuka, nakoka mbali ziwiri za bowo ndi ulusi. Ndi njira yakale. Edoardo Bassini wa ku Italy anaionetsa mu 1887 pa hernia ya m'mbali mwa cinena, ndipo William Mayo wa ku America analemba za kusoka ya pamcombo mu 1901. Yaciwiri ndi kung'amba cimodzimodzi koma n'kuyala kaukonde kopyapyala, kamene madokotala amakacha mesh, kaŵirikaŵiri kopangidwa ndi polypropylene. Mnofu umamera m'timabowo ta kaukondeko ndipo pamalopo pamalimba. Yacitatu ndi ya kamera ija: aboola timabowo titatu kapena tinai, apopera mpweya m'mimba kuti aone bwino, naika kaukonde kucokera m'kati. Pa hernia ya pamimba njira imeneyi inayamba kulembedwa mu 1993. Onani kuti nayonso ya kamera imaika kaukonde. Mwana wa ku Lusaka ndi agogo aja anali kukangana osadziwa zimenezi.

Amai amene asokapo thumba la cimanga long'ambika adziwa kale cimene cimacitika. Mukakoka mbali ziwiri ndi ulusi, thumba likadzala limang'ambika pambali peni peni pa msoko. Mukaika cigamba, katundu amalemera pa malo otambalala. Mimba nayo imadzala tsiku ndi tsiku: potsokomola, pa cimbudzi, ponyamula mwana, pokankha wilibala ya simenti, popalasa njinga ndi munthu kumbuyo.

Madokotala a ku Netherlands anayesa nkhani imeneyi pa anthu a hernia ya pa cipsera monga ya alamu anga, nalengeza zotsatira mu 2000. Patapita zaka 3, mwa anthu 100 alionse osokedwa cabe, hernia inabwerera kwa 43. Mwa oikidwa kaukonde inabwerera kwa 24. Atawalondola mpaka zaka 10, manambala anafika pa 63 ndi 32. Mu 2018 kunaturuka kafukufuku wina pa hernia zing'onozing'ono za pamcombo, za bowo la sentimita 1 mpaka 4: inabwerera kwa 12 pa 100 osokedwa cabe, ndi kwa 4 pa 100 a kaukonde. Ndi cifukwa cace malangizo a mabungwe a madokotala a hernia a ku Europe ndi America a mu 2020 amati kusoka cabe kuganiziridwe pa bowo la pamcombo losafika sentimita imodzi, loti nsonga ya cala ingokwanapo. Loposa pamenepo, kaukonde.

Manambala amenewa aonetsanso cinthu cimene ena safuna kunena: ngakhale ndi kaukonde, hernia ya pa cipsera ikhoza kubwerera. Wokuuzani kuti njira yace ndi yosalephera akukugulitsani malonda.

Mantha a agogo sindiwaseka. Kaukonde sikaola, koma kakhoza kugwidwa ndi tizilombo, cilonda n'kumaturutsa mafinya miyezi, nthawi zina mpaka kukacotsa. Ena amamva kupweteka kapena kukoka pamalopo kwa nthawi yaitali, ngakhale kupweteka kotere kumapezekanso kwa osokedwa cabe. Mitundu ina ya kaukonde inacotsedwa pa msika itapezeka ndi mabvuto. Koma nkhani zambiri zoopsa zimene zimayenda pa mafoni n'za ukonde wina, woikidwa kwa amai amene cibaliro catsika, umene boma la America linaletsa kugulitsa mu 2019. Imeneyo ndi opaleshoni ina, pa malo ena a thupi.

Cimene cimaononga kaukonde kaŵirikaŵiri ciri m'manja mwathu. Fodya amacedwetsa cilonda kupola, ndipo madokotala amapempha kuleka masabata 4 mpaka 6 opaleshoni isanacitike. Shuga wokwera amaitana mafinya. Mimba yonenepa kwambiri imakoka msoko. Cifuwa cosatha, kudzimbidwa, ndi kubvutika pokodza kwa abambo acikulire zimakankha pamalopo usana ndi usiku. Dokotala akakuuzani kuti muyambe mwakonza izi ndipo mubwere mwezi wa mawa, sakukuthamangitsani ai. Ndipo ali pa mankhwala a ARV anene poyera, asaleke kumwa.

Tsopano za kamera. Ubwino wace ndi weni weni: zilonda zing'onozing'ono, mafinya ocepa, kuturuka msanga m'cipatala. Kwa munthu wonenepa kwambiri, kwa wa hernia mbali zonse ziwiri za cinena, kapena amene yace yabwerera atang'ambidwa kale, ine ndingati aifunefune ngati thumba lilola. Koma pa funso lalikuru, lakuti kodi idzabwereranso, kafukufuku sanapeze kusiyana kwakukuru pakati pa kamera ndi kung'amba, pokhapo onse aika kaukonde. Kamera ifuna kukugonetsani tulo tatikuru, pamene hernia ya pa cinena ikhoza kukonzedwa ndi jekeseni ya pamsana kapena yocititsa dzanzi pamalo pokhapo, cinthu cothandiza kwa okalamba ndi a mtima wofooka. Kaukonde koikidwa m'kati kokhudzana ndi matumbo kayenera kukhala kokutidwa mwapadera, ndipo n'kodula. Pamene matumbo anamatirira ku cipsera cakale, cida cikhoza kuwaboola osaoneka msanga. Ndipo bowo lalikuru kwambiri nthawi zambiri lifunabe kung'amba, kuti mnofu ubwezedwe pakati.

Cotero kugulitsa puloti kapena kutenga kaloba cifukwa ca kamera, pa hernia imene ingakonzedwe bwino kuno kwathu, ndi kutaya. Kuyembekeza miyezi 8 posonkha ndalamazo n'koipa koposa.

Kuti mtengo sindiwo umacilitsa, anationetsa ndi a ku Uganda. Mu 2016 madokotala a kumeneko pamodzi ndi anzao a ku Sweden analengeza zimene anapeza pa amuna pafupifupi 300 a hernia ya pa cinena. Theka anaikidwa kaukonde ka ku fakitale ka madola 125, theka anaikidwa kodulidwa ku neti ya udzudzu yophikidwa bwino m'makina ophera tizilombo, kosafika ndi dola imodzi yomwe. Patapita caka panalibe kusiyana kweni kweni. Koma abale, musapite kukadula neti ya pa bedi. Ija iri ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo ya ku Uganda inali ya mtundu wosankhidwa, yopanda mankhwala.

Funso limene ine ndimaliika patsogolo ndi la munthu wogwira mpeni. Kodi opaleshoni imeneyi amaicita kangati pa mwezi? Hernia ya pa cinena kapena yaing'ono ya pamcombo imakonzedwa m'zipatala zambiri za m'maboma, nthawi zina ndi ma medical licentiate amene anayamba kuphunzitsidwa ku Chainama mu 2002, ndipo amene waicita kambirimbiri ali ndi dzanja lozolowera. Koma yaikuru ya pa cipsera, kapena imene yabwerera kaciwiri, pemphani kalata ikutumizeni kumene kuli dokotala wa opaleshoni, monga ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete kapena ku UTH. Kukonza koyamba ndiko kuli ndi mwai waukuru. Kwaciwiri apeza mnofu wopyapyala ndi zipsera, ndipo kumalephera kuposa koyamba.

Anthu athu amaopa kufunsa dokotala, amati n'kupanda ulemu. Thupi ndi lanu. Funsani kuti bowo ndi la masentimita angati. Funsani ngati adzaika kaukonde, ndipo akati ai, akuuzeni cifukwa. Funsani ngati kaukondeko kalipo m'cipatala kapena mudzagula nokha, ndipo a khadi la NHIMA afunse zimenezi tsiku lisanafike, osati m'mawa wa opaleshoni. Wokhala ndi nchito yonyamula anene, kuti amuuze tsiku lobwerera ku katundu.

Pali ena amene kaukonde si kao. Mwana wa mcombo woturuka, cinthu cofala kwambiri pakati pa ana a kuno ku Africa, nthawi zambiri umatsekeka wokha pofika zaka 4 kapena 5. Kumanga ndalama pa mcombo sikutseka bowo, kumangotupula khungu. Ukapanda kutsekeka amasoka cabe. Hernia ya pa cinena ya mwana sitsekeka yokha, ifuna opaleshoni, nayonso yopanda kaukonde. Mai amene afunabe kubala auze dokotala, cifukwa mimba ina ikhoza kutsegulanso pamene akonza, ndipo ngati hernia siimbvuta kwambiri angamuuze kuti ayambe wamaliza ana. Abambo amene zatsikira kumusi, zimene ambiri amati phudzi, ayesedwe coyamba, pakuti kwina kumakhala madzi cabe, ndipo kakonzedwe kace n'kosiyana.

Kodi kuyembekeza n'kololedwa? Kwa bambo wa hernia ya pa cinena yosapweteka, inde, kwa kanthawi. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wa mu 2006 anapeza kuti matumbo anatsekerezedwa kwa amuna osafika awiri pa 1,000 pa caka. Komabe pofika zaka 10, awiri mwa atatu alionse anali atapita okha ku opaleshoni, makamaka cifukwa ca kupweteka. Mai wa cotupa m'mbali mwa cinena asayembekeze, cifukwa mtundu umene umakonda amai uli ndi khomo lopapatiza ndipo umafinya matumbo msanga.

Zikatero zosankha zimatha. Cotupa cikauma n'kukana kubwerera, cikupweteka, munthu akusanza, mimba ikufufuma, cimbudzi ndi mpweya zaima, ndiye kuti thumbo lafinyidwa ndipo magazi sakufikako. M'maola ocepa likhoza kufa. Musacikankhe ndi mphamvu, musampatse nsima kapena mankhwala otsegula m'mimba, musayembekeze kuce. Pa opaleshoni ya usiku yotere dokotala angadule thumbo, ndipo malo akadetsedwa kaŵirikaŵiri saika kaukonde, amangosoka kuti apulumutse moyo, hernia n'kudzabwerera pambuyo pace.

Alamu anga sanafike pamenepo. Anang'ambidwa, anaikidwa kaukonde kuseri kwa mnofu, nagona m'cipatala masiku anai. Dokotala anati bowo likanakhala losabvuta kutseka akanabwera caka cija. Anabwerera ku msika patapita masabata atatu, koma dengu la tomato analinyamula ndi mdzukulu mpaka masabata 6 atakwana. Ndalama zimene anasonkha za kamera zinalipira sukulu ya mwana womaliza.