Akakuitanani ku mgonero kwa eni, pitani

Chaka ndi chaka Amalawi amanyamuka ulendo wa ku Australia. Ena amapita kukachita maphunziro a ukachenjede, ena kukagwira ntchito. Amakafikira m'mizinda ikuluikulu monga Sydney ndi Melbourne, umene uliwonse uli ndi anthu oposa 5 miliyoni, kapena ku Perth.

Chimene chimasautsa mlendo m'mizinda yotereyi si njala ayi, koma kusungulumwa. Munthu atha kutha mwezi osadziwa dzina la yemwe wayandikana naye khomo. Nchifukwa chake mnzake wa m'kalasi kapena wa kuntchito akamuitana kuti Loweruka akadyere limodzi mgonero, umenewo ndi mwayi wosayenera kuutaya. Wokana chifukwa cha manyazi, kapena poopa Chingerezi chothamanga cha eni dziko, amadzitsekera yekha khomo.

Komabe kupita kokha sikokwanira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya mgonero phulalo lilipo lambiri.

Mwini nyumba akanena kuti "bring a plate" sakutanthauza kuti kwawo mbale zachepa. Akupempha kuti mlendo abwere ndi chakudya choti onse agawane. Akalemba kuti BYO, ndiye kuti chakumwa aliyense abwere ndi chake. Akanena 7 koloko, ndi 7 kolokodi, chifukwa nyama imakhala ili kale pamoto. Mgonerowo ukakhala wa ku lesitilanti, kawirikawiri aliyense amalipira zake, ndipo palibe amene amakuona ngati kuumira.

Mlendo asadabwenso kuona bambo wa pakhomopo akuotcha nyama nkutsuka mbale, kapena kumva mwana wa sukulu akutchula mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite dzina lake loyamba. Kumeneko si mwano. Nyama ya kangaroo imagulitsidwa m'masitolo, ndipo woikana mwaulemu palibe angamuimbe mlandu.

Pali zinthu ziwiri zimene zingasandutse chisangalalo kukhala misozi. Choyamba ndi mowa. Malamulo a dzikolo salola munthu kuyendetsa galimoto mowa ukafika pa mlingo wa 0.05 m'magazi, ndipo apolisi amaimitsa madalaivala pamsewu nkuwayeza mpweya. Chachiwiri ndi katundu wochokera kumudzi. Wofuna kukadabwitsa anzake ndi usipa, mtedza kapena nyemba za kuno adziwe kuti lamulo la 2015 loteteza mbewu ndi ziweto limalamula kuti chakudya chilichonse chiululidwe pabwalo la ndege. Wobisa amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kulandidwa viza.

Pakamwa napo mpofunika kusamala. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kufunsa munthu malipiro ake, kapena chifukwa chimene alibe mwana, nkumuchititsa manyazi. Nkhani ya eni nthaka, anthu a mtundu wa Aboriginal, ndi chilonda chosapola. Mu 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd adapepesa m'nyumba ya malamulo chifukwa cha ana amene adalandidwa kwa makolo awo, ndipo mu 2023 referendamu yofuna kuwapatsa bungwe lolangiza boma idakanidwa. Pa nkhani zotere mlendo wanzeru amayamba wamvetsera.

Izi sizikutanthauza kuti Mmalawi akhale duu ngati wopanda kwawo. Zokamba zilipo. Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa netibolo ku Sydney mu 2015, ndipo mu 2020 adatenga chikho ndi timu ya Melbourne Vixens. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya ku Australia ya Paladin. Amene wakhala naye patebulo lero atha kukhala amene mawa adzamuuze za ntchito kapena nyumba ya lendi.

Chotsalira ndi kubweza. Kupatsa nkuika. Amene wadya kwa mnzake ayenera tsiku lina kutereka mphika wa nsima, kuphika nkhuku ndi masamba otendera, nkuitana anzakewo kuti aphunzire kusamba m'manja ndi kutema mbamu. Ufa umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa. Mlendo amene amangodya za eni osaitanako, sachedwa kuiwalika pa mndandanda wa oitanidwa.