Madzi a ku Nsanje si "extraordinary"

Mawu a Chingerezi akuti "extraordinary" anachokera ku Chilatini: "extra" ndi kunja, "ordo" ndi dongosolo. Amanena chinthu chimene chatuluka m'dongosolo la masiku onse, chosazolowereka. Mawuwa ndimawakonda, koma amandiwawa anthu akamawatchula pokamba za madzi osefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Tawerengani nokha: chigumula cha Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Mwana wa ku Makhanga amene anali mu Sitandade 1 mu 2015 anaona zonsezi asanamalize sekondale. Nanga kwa iyeyo chachilendo n'chiyani pamene Shire ndi Ruo asefukira?

Chinthu tikachitcha chachilendo, timakhala tadzikhululukira kuti sitinakonzekere. Makalasi amasanduka misasa ya othawa madzi, maphunziro n'kuima, ife n'kumati zangotigwera.

Enafe amene tikuphunzira uphunzitsi tidzatumizidwa kuchigwa komweko. Ndikanakonda tisanachoke pakoleji pano titaphunzitsidwa chochita ndi ana a Sitandade 8, mayeso atayandikira, m'kalasi mwawo mukugona mabanja.