Akuluakulu a mpira alankhule ndi pakamwa pamodzi

Munthu wa ku Mulanje Mission amene amakonda mpira sapita ku Lilongwe kukaonera masewero. Amamvera pa wailesi, ndipo madzulo amatsegula foni yake kuti amve chimene akuluakulu anena. Tsono chimene amapeza kumeneko n'chochititsa manyazi: mkulu wa timu akunyoza woyimbira, amene anasiya kuyimbira akutsutsa mnzake amene akuyimbirabe, ndipo aliyense akufunsa mnzake kuti, "Kodi inu mpira munausewera kuti?"

Tikumbukire za mu Sepitembala 2023 pa bwalo la Bingu, pamene Silver Strikers inakumana ndi Mighty Wanderers mu chikho cha Airtel Top 8. Masewero ali pafupi kutha, wezulo inalira, mpira n'kulowa m'golo la Wanderers, ndipo woyimbira anavomereza chigolicho. Osewera a Wanderers anakana kupitiriza, ochemerera ena nathyola mipando ya bwalo limene si la timu iliyonse koma la mtundu wonse. Kuthyola mipando n'kulakwa, ndipo palibe chodzikhululukira. Koma funso limene anthu anagona nalo usiku umenewo linali limodzi lokha: kodi wezulo ikalira, mpira umakhala uli moyo? Funso lotere silifuna komiti. Mwana wa sukulu amene amasewera mpira wachikulunga amadziwa yankho lake. M'malo mwa yankho lachidule lochokera kwa eni ake a lamulo, anthu anadya mphekesera za pa Facebook ndi WhatsApp.

Patangopita sabata imodzi, pa 30 Sepitembala, ku England oyimbira anakana molakwa chigoli cha Luis Díaz wa Liverpool posewera ndi Tottenham. Bungwe lawo linavomera kulakwa usiku womwewo, ndipo patapita masiku atatu linatulutsa mawu onse amene oyimbirawo ankalankhulana. Manyazi analipo, inde, koma palibe amene anatsala akuganiza kuti pali chobisika.

Alipo ena amene akuti kulalata pa intaneti ndiko kunena chilungamo mosapsatira. Ife tikukana. Kukalipa si umboni, ndipo mkulu amene amatukwana mnzake pagulu lero asadabwe mawa anyamata akamuwowoza pa bwalo la Mulanje Park. Enanso akuti ulemu wa woyimbira uli m'kukhala chete, popeza Lamulo 5 limati chigamulo chake pa zochitika m'bwalo n'chomaliza. N'zoona, chigamulo sichisinthika. Koma lamulolo silinaletse bungwe kufotokoza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene anavomera udindo avomerenso mafunso.

Chinanso chimene chimatiwawa ndi chilankhulo. Zikalata za bungwe la FAM zimatuluka kawirikawiri m'Chingerezi cha maloya, pamene bodza limayenda m'Chichewa chomveka bwino, ndiponso limafika msanga. Wothyola tiyi wa ku Mulanje adzakhulupirira chimene wamva m'chinenero chake.

A Fleetwood Haiya anasankhidwa kutsogolera FAM mu Disembala 2023, kulowa m'malo mwa a Walter Nyamilandu amene anakhalapo kuyambira 2004. Pempho lathu kwa aliyense wokhala pa mpando umenewo n'lakuti pakabuka mkangano, mneneri mmodzi alankhule tsiku lomwelo, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, atchule lamulo limene lagwira ntchito, ndipo ngati woyimbira walakwa anene kuti walakwa.