Mtengo wa koko usakuzulitseni chinangwa

Alimi a ku Chiweta, mwina mwamva kuti anzanu a ku Kyela, kungowoloka Songwe, anapha makwacha ndi koko. N'zoona. Kumayambiriro kwa 2023 tani imodzi sinkafika madola 3,000 pamsika wa ku New York, koma mu Disembala 2024 inapitirira madola 12,000.

Vuto linayambira ku Ghana ndi Côte d'Ivoire, komwe kumachokera koko woposa theka la koko yense padziko. Mitengo yawo yakalamba, matenda otupitsa nthambi anafalikira, mvula nayo inasokonekera. Makampani a chokoleti anayamba kulimbirana koko wochepayo.

Komatu makampaniwo si ogona. Anakweza mitengo ya chokoleti, ena anachepetsa koko m'zopanga zawo, anthu nayamba kugula mochepa. Pofika kumapeto kwa 2025, mtengo wa koko unali utatsika ndi theka.

Ndiye ganizani mofatsa. Koko amatenga zaka 3 mpaka 5 kuti ayambe kubereka, choncho mbande ya dzinja lino idzapeza msika wina. Chinanso, koko amafuna mthunzi ndi chinyezi chaka chonse, pomwe chilimwe cha kunyanja kuno mukuchidziwa nokha. Ngati muli ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, yesani mitengo khumi pansi pa nthochi, chinangwa chikhale pomwe chili.

Musanagule mbande, funsani alangizi za msika. Alimi a khofi ku Phoka amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee. Nanga koko wanu adzagula ndani, ndipo mudzam'fikitsa bwanji kumeneko?