Bala la pamphasa silimva botolo

Amalonda anzanga a mu Limbe, ku Ndirande ndi mu Zomba, sabata ino tisiye kaye za mitengo ya katundu ndi matikiti a khonsolo. Tikambe za wodwala amene tinamusiya kumudzi, uja sathanso kudzuka yekha: agogo amene anathyoka fupa la m'chiuno, bambo amene anafa ziwalo ndi sitiroko, mnyamata amene anavulala msana pa ngozi ya kabaza.

Ambiri mwa anthu otere amabuka zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi. Fupa limapanikiza mnofu pamphasa, magazi safikapo, mnofu uja n'kufa. Pakhungu lathu lakudali sipafiira moonekera ayi. Pamangoda kuposa pena, n'kumatentha kapena kulimba. Yang'anani kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno, ku zidendene, m'mapewa ndi kunkhongo. Mukachedwa mupeza dzenje lofika pafupa.

Tsono chakudya chikulowapo bwanji? Munthu woonda alibe mtsamiro pakati pa fupa ndi mphasa, ndiye sachedwa kutupuka. Ndipo bala likabuka, thupi limafuna zomangira mnofu watsopano. Mungamulipire bwanji mmisiri, nyumba sikwera popanda njerwa.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa ine. Kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu, kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, makilomita pafupifupi 30 kuchoka mu tauni ya Zomba. Matemba, makumba ndi milamba zimene timagulitsa pa mabenchi athu zimakwera galimoto pamenepo. Koma ndalowamo m'nyumba za m'midzi yomweyo n'kupeza wodwala akumwetsedwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, m'mawa ndi madzulo. Nsomba yonse yapita ku tauni chifukwa pakhomo pakufunika ndalama. Kenako ife a ku tauni timafika ndi Sobo, buledi ndi kabotolo ka mapilisi a mavitamini, ati "owonjezera mphamvu", kodula kuposa beseni la matemba. Amangwetu, si kuseweretsa ndalama kumeneku?

Tiyeni tiwerengere, poti masamu ndiye ntchito yathu. Malangizo amene akatswiri a zilonda zoterezi a ku Ulaya, America ndi maiko a ku Pacific anatulutsa mu 2019 amati wodwala wa bala lotere amene thupi lake likuperewera zakudya apeze magalamu 1.2 mpaka 1.5 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, tsiku lililonse. Mayi wolemera makilogalamu 50 ndiye kuti akufuna magalamu 60 mpaka 75. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Matemba ouma, theka la kulemera kwake kapena kuposa ndi zomanga thupi zokhazokha, choncho magalamu 50 a matemba akupatsani 25 kapena kupitirirapo. Onjezani mazira awiri, nyemba ndi nsinjiro, mwayandikira. Phala la ufa woyera lija, olo amwe poto yense, safikapo.

Muti wodwala satha kutafuna? Kazingani matemba pang'ono, sinjani, sefani. Thirani ufa wakewo m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro ndi supuni ya mafuta ophikira. Mudyetseni pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, mutamukhazika tsonga kuti asatsamwe, makamaka wa sitiroko. Chaka chimene nyanja yaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, musati basi tagwa nayo: nandolo, khobwe, soya ndi mtedza zimagwira ntchito yomweyo.

Vitamini C, amene amathandiza bala kulukana, ali m'magwafa, mapapaya, mango ndi malambe. Alinso mu bonongwe, chisoso ndi nkhwani, bola musaphike ndi soda kapena chidulo, zimenezo zimamupha. Zinc ali mu nsomba, nyama, nyemba ndi mtedza. Madzi akumwanso asasowe. Ena amamumana wodwala madzi kuti asamanyowetse zofunda, koma khungu louma siligwira. Ndipo kunyanja kuno kolera timamudziwa, madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini.

Nanga mabotolo aja? Sindikuti mavitamini ndi oipa. Koma kafukufuku sanapeze umboni wogwira mtima woti mapilisi a vitamini C kapena zinc amapoletsa bala mwa munthu amene thupi lake silikusowa zimenezo. Zinc akachuluka amachititsa nseru, ndiye wodwala wosadya kale uja asiyiretu kudya. Zakumwa zapadera zimene zipatala za kunja zimapatsa odwala owonda a mabala akuya zimathandizako ndithu, koma amalemba ndi adokotala atamuyeza munthu, osati wogulitsa wa pa depoti ya basi. Kwathu kuno tili ndi Likuni Phala, komanso chiponde chimene amapereka ku chipatala kwa onyentchera. Chiponde chimenecho ndi mankhwala. Wina akabwera nacho pa benchi panu kuti muode, mukaneni, walanda chakudya cha wodwala.

Chenjezo lina: wa matenda a impso kapena shuga, funsani kaye ku chipatala musanamusinthire kadyedwe. Ndipo bala likayamba kununkha, kutuluka mafinya, kapena wodwala akatentha thupi, musadikire mawa. Uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena thamangani naye ku chipatala. Phulusa, dothi ndi makapusozi otsegulira pabala, ayi.

Koma ndisakunamizeni kuti matemba okha atha zonse. Wodwala atembenuzidwe pa maola awiri alionse, usiku womwe, zofunda zikhale zouma, zidendene zisakhudze pansi. Christopher Reeve, uja ankachita Superman m'mafilimu, anafa ziwalo atagwa pa kavalo mu 1995. Ndalama ndi madokotala anali nazo, koma pomwalira mu 2004 n'kuti akulandira chithandizo cha bala lomweli litalowa tizilombo. Ngati linavuta kwa munthu wotero, kuli bwanji agogo athu ogona pamphasa?

Ntchito yotembenuza ndi kudyetsa imagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mlongo wathu amene anatsala kumudzi. Mutu umodzi susenza denga. Mukapita kukaoda ku Kachulu, patulani kaye mbale ya matemba musanamange thumba, mugulenso mazira ndi mtedza, mugoneko usiku umodzi kuti wosamalira uja naye aone tulo. Phindu la tsiku limenelo lichepa, inde, koma mtengo wa bokosi nonse mukuudziwa.

Tikumane sabata ya mawa.