MALO OPATULIDWA AIME PA LAMULO

Munthu woyenda pa mseu waukulu kucokera ku mlato wa Luangwa kudzera ku Nyimba kufika ku Petauke aona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa njira. Akapatukira m'midzi amva dandaulo lakuti anthu aculuka ndipo minda yaguga, pamene pafupi pomwepo pali nkhalango imene Boma linaletsa kulimamo. Mlimi afunsa kuti ndani anapatula malo amenewo, ndipo anatero ndi mphamvu yotani. Funso limeneli liyenera yankho lomveka.

Anthu a kum'mawa ali ndi cifukwa cokayikira. M'masiku a atsamunda dziko lalikulu la cigawo cino linali m'manja mwa kampani ya North Charterland. M'caka ca 1928 Boma la Angerezi linadula malo ochedwa Native Reserves, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa kukapanikizana m'menemo, pamene nthaka yabwino inasungidwira Azungu, amene ambiri a iwo sanabwere konse. Nthaka ya m'malo opanikizanawo itaguga, Boma lomwelo linagula malo a kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Pa zonsezi eni dziko sanafunsidwe.

Lamulo la lero liri ndi maziko ena. Lands Act ya 1995 inena kuti nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, amene aisunga m'malo mwa anthu onse. Lamulo lomwelo limletsa kupereka malo a mafumu kwa wina aliyense asanafunse mfumu ya kumeneko, khonsolo, ndi anthu amene nkhaniyo iwakhudza. Motero Boma ndi msungi wa nthaka, ndipo msungi acita zokhazo zimene lamulo lamlola.

Pa nchito iriyonse yopatulira malo pali lamulo lake. Nkhalango zisungidwa ndi Forests Act ya 2015, ndipo m'nkhalango yotetezedwa palibe aloledwa kulima, kugwetsa mitengo kapena kuocha makala wopanda cilolezo. Malo a nyama asungidwa ndi Zambia Wildlife Act ya caka comweco. Lamulo limeneli lisiyanitsa paki, monga South Luangwa, mmene simumangidwa midzi, ndi malo ochedwa Game Management Area, mmene anthu akhala ndi kulima koma kusaka nyama kufuna cilolezo. West Petauke m'boma la Nyimba ndi malo a mtundu waciwiriwu. Cimodzimodzinso Sandwe, amene anali m'boma la Petauke kufikira 2018 pamene Lusangazi inakhala boma palokha. Anthu a m'malo otere asankha bungwe lao, Community Resources Board, limene lilandira gawo la ndalama zocokera ku nyama.

Njira yopatulira malo ndi yodziwika. Anthu a pamalopo ayamba afunsidwa, malire alembedwa, ndipo cilengezo cisindikizidwa mu Gazeti ya Boma. Popanda cilengezo cimeneco, mau a pakamwa a mkulu wa ofesi sangasandutse munda wa munthu kukhala nkhalango ya Boma. Koma cilengezo cikatuluka, kalata ya nyakwawa singasandutsenso nkhalango kukhala munda. Amene agula malo otere ataya ndalama zake, ndipo amene awagulitsa anyenga mnzake ndi kubera mudzi wonse.

Lamulo limanga wamkulu monga limangira wamng'ono. Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo za nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27, zinacotsedwa pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi kugawidwa kuti pamangidwe nyumba, ngakhale kuti mtsinje wa Chalimbana udalira nkhalango imeneyo. Anthu ambiri anadandaula, ndipo anali ndi cifukwa. Ngati mwini galimoto apatsidwa nkhalango ndi colembera, kudzakhala kovuta kuuza mwini khasu kuti aleke kuilowa ndi nkhwangwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo mtsinje umene gwero lake lasadzulidwa subwerera ndi cilengezo catsopano.

Kunena zimenezi sikutanthauza kuti nchito ya malo singasinthe. Ukwimi anapatulidwa mu 1987 kuti alandire anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Alendowo atabwerera kwao, malowo anasanduka mokhazikitsamo alimi a m'dziko muno. Kusintha kotere nkwabwino cifukwa phindu lake lioneka ndi maso ndipo ligwera anthu ambiri.

Cofunika tsopano ndi cakuti malire adziwike kwa onse. Makhonsolo a Petauke ndi Nyimba, pamodzi ndi a zankhalango ndi a zanyama, aike mapu poyera ndi kumasulira malamulowa m'Cinyanja ndi m'Cinsenga. Mafumu, monga a Kalindawalo, a Ndake, a Nyalugwe, a Luembe ndi a Mwape, aitanidwe ndi anthu ao kukaona pamene malire apita. Midzi nayo igwiritse nchito mpata umene lamulo la 2015 linatsegula, wopanga magulu oyang'anira nkhalango zao ndi kupindula nazo mwa uci, bowa ndi mitengo yodulidwa mwadongosolo. Mlimi amene anafunsidwa, naonetsedwa malire, nalawako phindu, adzayamba ndiye kuletsa woocha makala, mlonda wa Boma asanafike.