Akatswiri alipo, olemba ntchito ndiwo sakuwaona

Akonzi,

Ndikutsutsa amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti kumpoto kulibe achinyamata odziwa kafukufuku komanso kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Anafunsa ndani? Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa ICT, ndipo ana a ku Embangweni, Jenda ndi Mzimba Boma amaphunzira komweko.

Ntchito ilipo kwathu konkuno. Ziwerengero za zipatala zimalowa mu pulogalamu ya pakompyuta ya DHIS2, kumalo a kafukufuku wa ulimi ku Mbawa amayesa mbewu, ndipo zonsezi zimafuna wozisanthula. Koma zidziwitso zambiri za ntchito zimafuna digiri yachiwiri, zaka 5 pantchito, kenako mayeso ku Lilongwe, thiransipoti yodzilipirira. Mwana wa mlimi azitenga kuti zimenezi? Mapeto ake amakwera basi ya ku Joni, ndipo zimandiwawa.

Olemba ntchito, mupatseni mwanayu ziwerengero zenizeni, muone pulogalamu imene alembe, zotsalazo mukamuphunzitse ali pantchito.

Wowerenga wanu,
Mzimba Boma